Chulu cha Apongozi Pabwalo la Ndege

Lolemba

Kope latsopano, pensulo yosongola bwino. Sabata ino ndilemba zonse, kuti adzukulu anga adzadziwe amene anabweretsa ndege ku Mitundu.

Ndine kapitawo wa bwalo la ndege. Ndilembenso kachiwiri chifukwa zikukoma: kapitawo wa bwalo la ndege! Bwana Mandevu, mwini esiteti ya fodya, watopa ndi msewu wa ku Lilongwe umene umameza galimoto yake dzinja lililonse. Akufuna kandege kazitera kuseri kwa mudzi wa akazi anga. Anafunsa ngati alipo amene anaonapo ndege ili pansi. Dera lonse lino ndine ndekha, chifukwa cha nkhondo ya ku Burma ija. Anandipatsa wezulo ndi chipewa.

Miyezi iwiri tikuzula zitsa, kufafaniza mizere, kugumula tizulu ting'onoting'ono, kusinja dothi ndi mitengo kuti lilimbe. Loweruka madzulo kandege kadzatera koyamba, kadzabwera ndi dona wa Bwana kuchokera ku Blantyre.

Koma tsiku langa lenileni ndi Lamulungu. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pachikamwini pano. Mayi anga ku Nathenje anabereka amuna okhaokha, tonse tinamwazikana m'midzi ya eni, iwo atsala okha ndi mawondo otupa, madzi akuchita kupempha. Lamulungu ankhoswe akhala pansi, ndikupempha chitengwa, nditenge mkazi wanga Nambewe ndi ana tikakhale kwathu. Chaka chatha a Kamtedza, atsibweni ake a Nambewe, anakana. Ati sanandionetsetse kuti ndine munthu wotani. Zaka zisanu ndi zitatu, ana atatu, nkhokwe ziwiri! Chabwino. Loweruka adzandiona ndikugwirana chanza ndi woyendetsa ndege, tione ngati adzakanenso.

Dongosolo:
- Lero ndi mawa: kugumula chulu chachikulu chotsala pakati pa bwalo.
- Lachitatu: kusalaza pamalopo.
- Lachinayi: kupaka laimu miyala ya m'mphepete.
- Lachisanu: kukweza thumba loonetsa kumene mphepo ikulowera. Akusoka ndi Che Saidi, telala wa pa Mitundu.
- Loweruka: ndege.
- Lamulungu: chitengwa.

Masana ndaliza wezulo, ndaloza chulu. Anthu makumi awiri, palibe wokweza khasu. Akungoyang'anana. Ndalizanso. Mlamu wanga wamkulu wakanda m'mutu: "Alamu, chulu chimenecho n'cha apongozi anu."

Cha apongozi anga! Miyezi iwiri tikuchizungulira, palibe wondiuza. Ati ankayesa ndikudziwa, n'chifukwa chake ndinachisiyira kumapeto. Ine ndinachisiya chifukwa n'chachikulu! Zaka zonsezi ndakhala ndikudya ngumbi zokazinga m'nyumba muno osadziwa kumene zimachokera. Mkamwini safunsa za ndiwo, amangodya.

Lachiwiri

Mutu ukuwawa.

Ine ndi apongozi aakazi sitilankhulana, sitiyang'anana, ndiwo mwambo. Tikakumana panjira wina amalowa patchire, ndipo wolowa patchireyo ndimakhala ine. Mpango wawo ndimaudziwa bwino kuposa mphuno yawo. Mawu onse amadzera mwa Nambewe.

Lero ndamutuma katatu.

Ulendo woyamba: akanene kuti Bwana akupempha chulu. Yankho: "Amayi akuti Bwanayo akafuna ngumbi adikire mvula ngati wina aliyense."

Ulendo wachiwiri: akanene kuti si ngumbi ayi, tikufuna kuchigumula. Nambewe wafika pakhonde la amake, wacheza za nkhuku, wabwerako. "Mawu amenewo pakamwa panga sakukwana, bambo a Tereza. Mukanene nokha." Ndikanene ndekha! Akudziwa bwino lomwe kuti sindingathe.

Ulendo wachitatu: ndawapezera chulu china kunja kwa bwalo, chachikulu kuposa chawocho, chopanda mwini. Yankho: "Amayi akuti chulu chopanda mwini chili ndi chifukwa."

Ndapita ku esiteti kukafotokozera Bwana m'Chingerezi changa chonse. Waseka mpaka kutsokomola. Kenako waona kuti ine sindikuseka. "Chiswe chili ndi mwini?" Ndati si chiswe, Bwana, ndi chulu. Sakuona kusiyana kwake. Ati abwera yekha mawa kudzalankhula nawo, ine ndidzamasulire.

Ndidzamasulire! Pamaso pa apongozi!

Pobwerera ndadzera kwa Che Saidi. Thumba la mphepo liyenera kukhala lotsekula mbali zonse ziwiri, mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Ndinawauza katatu. Iwo alisoka kumapeto, misoko iwiri. "Ine ndisoke thumba lobooka? Anthu aziti Che Saidi ukalamba wawapeza?" Ndalisiya komweko kuti aphwasule msokowo. Mmene amandiyang'aniramo, sindikukhulupirira.

Lachitatu

Zimene zachitika lero, ngakhale ku Burma sindinazione.

Bwana wafika ndi galimoto mpaka pakhomo pa apongozi, nkhuku balala. Apongozi ali pamphasa, akuswa mtedza wa mbewu. Ine ndatsika, ndazungulira, ndanjuta kuseri kwa nkhokwe.

Bwana akucheuka uku ndi uku. "Kapitawo! Uli kuti?" Ndati ndili pano, Bwana, ndikumva zonse. Ati nditulukire. Ndati sindingathe. Ati munthu womenya nkhondo wayamba liti kuopa nkhalamba. Ndati si mantha, ndi ulemu. Ati ulemu wa kuseri kwa nkhokwe sanauonepo chibadwire.

Mawu ayenda motere: Bwana kwa ine, ine kwa Nambewe, Nambewe kwa amake, amake kwa Nambewe, Nambewe kwa ine, ine kwa Bwana. Tonse anayi tayandikana koti n'kupatsirana fodya. Apongozi akundimva bwinobwino, koma akudikira Nambewe abwereze.

Bwana walonjeza:
- mchere thumba lathunthu
- bulangete
- zitini za nyama
- kudzawakweza ndege ulendo umodzi

Apongozi sanaleke kuswa mtedza. "Muwauze kuti chitini chimatha, chulu chimabereka chaka ndi chaka. Ine ndinachilandira kwa mayi anga, ndidzasiyira Nambewe, Nambewe adzasiyira Tereza. Za kukwera ndegezo, ndikupita kuti?"

Bwana wafiira mpaka m'khosi. Ati malo onsewa anamupatsa ndi Boma, pepala lilipo. Ndamasulira motsitsa mawu. Yankho la apongozi:

"Ndege ili ndi mapiko, chulu chilibe. Woyenda ndiye amapatuka."

Ndamasuliranso. Anandituma ndani kuphunzira Chingerezi?

Pagalimoto Bwana wandiloza ndi chala: pofika Lachisanu chulu chikhale kulibe, apo ayi ndibweze wezulo. A Kamtedza nthawi yonseyi anali pansi pa mango, akusema mpini. Angondiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kusema.

Ndikagumula, chitengwa palibe. Ndikasiya, ndege siitera, a Kamtedza adzaona mkamwini wochotsedwa ntchito pagulu, chitengwa palibenso. Amati mapanga awiri avumbwitsa. Angawa onse awiri akudontha.

Lachinayi

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalawira m'bandakucha, khasu paphewa, osauza munthu. Maganizo: ndigumule ndekha mwakachetechete, kukacha ndinene kuti ndi anthu a ku esiteti. Ndi tchimo, ndikudziwa. Ndikalapa ku Nathenje.

Ndatsala pang'ono kufika. Pamwamba pa chulu pali chinthu chakuda. Chatsokomola.

Apongozi!

Miyendo yachita zimene inazolowera. Ndangopezeka ndili m'tchire la m'mphepete, pakati pa chitedze. Chitedze!

Akhala pomwepo tsiku lonse, akulambula chulu, akukumba dzenje loikamo mphika wotcherera ngumbi. Abwera ndi mphasa ndi chikho cha thobwa. Tanthauzo lake: kapitawo wa bwalo la ndege sangaponde pabwalo la ndege. Ntchito ndalamulira ndili patchire, dzanja lina wezulo, lina kukanda. Alamu anga akumva wezulo koma mwini wake sakumuona, aliyense akuchita zimene waganiza. Zotsatira zake:
- miyala ya kum'mawa yapakidwa laimu kawiri
- ya kumadzulo sinapakidwe n'komwe
- laimu wotsala ndamupeza pakhoma la nyumba ya mlamu wanga wamkulu, lawala bwino

Madzulo Nambewe akundikhula msana ndi phulusa. Akuseka chamumtima, ndikumva m'manja mwake. "Amayi anakuonani ndi khasu." Mtima wanga phaa! "Akuti zikomo kwambiri, sankadziwa kuti mkamwini wawo angalawire chotero kudzawathandiza kulambula. Akuti khasu ali nalo. Chimene akusowa ndi udzu wofolera pachulu. Mitolo inayi, mawa m'mawa."

Kodi akukhulupiriradi zimenezo, kapena akundiseweretsa? Ndafunsa Nambewe. Ati nditembenuke akhule mbali inayo.

Mkamwini akatumidwa ndi apongozi sakana. Makamaka sabata yopempha chitengwa.

Lachisanu

Mwezi uno udzu wofolera suli kutchire, uli pansanja za anthu. Ndatenga umene tinasungira denga lathu.

Mitolo itatu ndatula patali, Nambewe akukafikitsa kwa amake. Wachinayi uli pamutu, ndikumva galimoto kumbuyo.

Bwana watsika. Wayang'ana ine, wayang'ana mtolo, wayang'ana chulu. Chulu chimene anati lero chikhale kulibe chavala denga latsopano, chikuoneka bwino kuposa nyumba yanga. "Kapitawo, ukuchimangira nyumba?" Ndayesa kufotokoza. Chingerezi chonse chathawa, chatsala cha "yesi Bwana" chokha, ndipo ndicho ndayankha.

Wezulo sanandilande, chifukwa palibe wina wodziwa za ndege. Ati atumiza thirakitala ndi anthu a ku esiteti, ochokera kutali, opanda apongozi kuno. Mtima wanga pansi! Thirakitala si ine. Thirakitala siipempha chitengwa. Ndayamba kuwerenga m'mutu mitengo imene ndikadule ku Nathenje yomangira nyumba.

Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Masana mitambo yada kumbali ya Malingunde. Mphepo, fungo la dothi, kenako chimvula choyamba, mpaka dzuwa kupendeka.

- Thirakitala yatitimira padambo isanafike pabwalo. Anthu khumi akukankha, iyo ikungolowa.
- Laimu yense wapita ndi madzi, kupatula wa pakhoma la mlamu.
- Thumba la Che Saidi lafika. Sanaphwasule. Awonjezerapo chingwe chomangira kukamwa, ati chimenecho ndi basela. Talikweza choncho pamtengo, ladzaza madzi, lathyola mtengo.
- Msewu wa ku Lilongwe waduka, Bwana sangakatumize lamya yoletsa ndege.

Bwana ati palibe kuchitira mwina. Bwalo ndi lotakata, woyendetsa ndi katswiri, adzadutsa cham'mbali mwa chulu. Ine ndidzaonetsetse kuti pabwalo palibe munthu, mbuzi kapena nkhuku. Wandipatsa nsalu ziwiri: yoyera yoti ndege itere, yofiira yoti isatere.

Mudzi wonse ukukondwera ndi mvula. Akazi akutsuka mabeseni, maso ali kumbali ya bwalo. Ine ndinakulira kumudzi. Ndikudziwa chimene chimatsatira mvula yoyamba, ndipo ndili ndi mantha.

Loweruka

Ndilembe ndithu.

Kwacha bwino, dzuwa lowala, nthaka ikufuka nthunzi. Ndavala khaki ya kunkhondo, mamendulo awiri, chipewa. Mbuzi ndathamangitsa. Anthu onse ndawaika kuseri kwa miyala. A Kamtedza ndawaikira mpando kutsogolo, pamthunzi. Ngakhale apongozi avomera kukhala m'mphepete, mbali inayo. Bwana wavala tayi.

Dzuwa litapendeka, phokoso kumwera. Kadontho kumwamba. Ana akukuwa. Ndakweza nsalu yoyera. Mumtima: Nathenje, ndikubwera!

Kenako mkazi wina: "Zatuluka!"

Ngumbi! Si pachulu cha apongozi pokha ayi. Bwalo lonse! Tizulu tija tinagumula eni ake osadandaula, lero ndadziwa chifukwa chake. Tinagumula pamwamba pokha, chiswe chinali pansi phee, ndipo aliyense akukumbukira pamene panali pake. Dothi limene tasinja miyezi iwiri likufuka ngumbi ngati utsi.

Ndaliza wezulo. Akumva wezulo ndani? Mabeseni, malichero, zikho, wina wavula malaya. Alamu anga amene ndinawaika kuti aziletsa anthu ndiwo ali patsogolo. Nkhuku za midzi itatu. Agalu. Kumwamba akabawi ndi anamzeze, kwachita kuda. A Kamtedza, munthu woyenda ndi ndodo, mpando wagwa chagada, iwo ali pakati pa bwalo akuwolera m'chipewa!

Ndege yazungulira kamodzi, yatsika, yalunjika. Woyendetsa anaona nsalu yoyera ija, ndipo m'kati mwa mbalame ndi ngumbi sakuonanso china. Kutsogolo kwake kuli ana. Kuli Tereza wanga. Pachulu pali apongozi, agwada, mutu uli m'denga la udzu, akusuzumira mumphika.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza. Ndataya yoyera, ndatola yofiira, ndathamanga pakati pa bwalo, ndakwera pachulu chifukwa ndi pokhapo pamene angandione. Manja tambasu, nsalu kukupiza, pakamwa mawu a kunkhondo osayenera kulembedwa m'kope. Ndaona mawilo. Ndaona nkhope ya dona pawindo, kukamwa kuli yasa. Mphepo yandivula chipewa. Ndege yakwera! Yazungulira kawiri, yalowera ku Lilongwe.

Kenako nthungululu mudzi wonse.

Ndayang'ana pansi. Apongozi ali pamapazi anga, akundiyang'ana m'maso. Lero ndaona nkhope yawo yonse. Ali ndi mpata kumano ngati wa Tereza. Ndafuna kuthawa, tchire tinalambula tokha. "Zikomo, bambo," atero. Okha! Popanda Nambewe!

Anthu sanaone munthu woopera ana. Aona mkamwini amene wakwera pachulu cha apongozi ake n'kuthamangitsa ndege ya Mzungu. Ndayesa kulongosola za nsalu yofiira. Ati ndisadzichepetse. Akazi apeka kale nyimbo.

Bwana sanakuwe. Ati ndachita bwino kubweza ndege, koma bwalo pano latha, ndipo popanda bwalo kapitawo ngwa chiyani. Watambasula dzanja, ndaikamo wezulo. Chipewa ati ndikachipeza ndisunge. Wakwera galimoto, watitimira pafupi ndi thirakitala, wapitiriza wapansi.

Lamulungu

A Yohane, ankhoswe anga, afika kuchokera ku Nathenje panjinga, matope mpaka m'mawondo. Za dzulo amva kale panjira, koma kumeneko akuti ndege ndinaigwira mchira.

Titatuluka m'tchalitchi takhala pansi pa mango. A Yohane alankhula bwino: za mayi, za ukalamba wawo, za madzi opempha. Ine maso pansi. Mumtima ndikuti ntchito yapita, koma mwina za dzulo zindithandiza.

A Kamtedza atsokomola. "Chaka chatha tinati sitikumudziwa. Lero tamudziwa. Munthu woimika chifuwa pamaso pa ndege chifukwa cha apongozi ake! A Yohane, inu mukanakhala ife, mkamwini wotere mukanamupereka?"

A Yohane, ankhoswe anga, amene ndinawatumizira tambala wathunthu, agwedeza mutu. "Zoonadi, n'zovuta."

N'zovuta!

Chigamulo:
- chitengwa ayi, chaka chino ngakhale chamawa
- andipatsa munda waukulu kuposa wa mkamwini aliyense pamudzi pano: bwalo la ndege lonse
- mizere ndiyambe mawa asanatulukire kapitawo wa malimidwe, chifukwa munda wosalala chonchi masiku ano ndi mlandu
- kupewana ndi apongozi kwatha, tizilankhulana ngati mayi ndi mwana

Apongoziwo andituma kale kawiri.

Nambewe lero sanaseke. Walowa m'nyumba, wamasula mtolo wa ziwiya umene anamanga mobisa amake. "Pepani, bambo a Tereza." Sindinadziwe kuti anali atamanga. Zandiwawa kuposa chitedze.

A Yohane akuti pobwera anakumana ndi kalaliki wa Bwana, akufunsa ngati ku Nathenje kuli malo osalala opanda chulu. Amulozera kuseri kwa nyumba ya mayi. Ndiye kuti ndege ikafika kwathu ine ndisanafike.

Apongozi abweretsa ngumbi zokazinga m'kansalu, ati za mayi anga. A Yohane azimangirira pakaliyala, akwera njinga, phazi limodzi lili pansi, afunsa chokawauza mayi. Ndaganiza nthawi yaitali. Ndati akawauze kuti ndili bwino, kuno andikonda.